Kutuwa kwa mwana si litsiro

Lamulungu m'mawa, miyezi ino ya Juni ndi Julayi, taimani m'mbali mwa njira iliyonse yopita kutchalitchi muonerere ana akudutsa. Nkhope zonse zili phuliphuli ngati mandasi ongovuulidwa kumene m'chiwaya. Pachipumi mafuta achita kuyenderera, moti ntchentche itati iterepo ikhoza kuterereka n'kuthyoka mwendo. Koma mwana yemweyo akangowerama kuti akweze sokosi, tasuzumirani kumsana ndi m'miyendomo: kuli mbuu ngati wagona paphulusa, mukhoza kulembapo dzina lanu ndi chikhadabo n'kuwerengeka bwinobwino. Pofika masana nkhope ija nayo yagwira fumbi, yatuwa, ndiye apongozi kapena azakhali amayamba ndi kamawu kawo kaja: “Kodi mwanayu mukumamusambitsa koma?” Kafunso kameneka ndi kamene kandiyabwa sabata ino. Mayi akakamva sayankha. Amangolowa kukhitchini kukatereka madzi, n'kutenga sopo ndi chinkhupule, n'kumukwecha mwana uja mpaka alire. M'mawa mwake mwana watuwa kuposa dzulo, apongozi apukusa mutu, madzi aterekedwanso. Nonse mukudziwa kuti sindikunama.

Ine ndikuti kutuwa si litsiro, ndipo nthawi zambiri ndi umboni wakuti mwanayo akusambitsidwa mopyola muyezo. Pamwamba pa khungu la munthu pali kachikopa kopyapyala kuposa pepala la nyuzipepala mwagwirayi. Kanamangidwa ngati khoma: timaselo touma ndiye njerwa, ndipo pakati pake pali mafuta amene thupi limapanga lokha, omwe ali ngati dothi lomangira. Khoma limeneli ndi limene limasunga madzi m'thupi kuti asamangouluka, komanso limatchinga fumbi ndi tizilombo. Dothi lija likakokoloka njerwa zimayamba kugwedera, madzi amathawa, timaselo tija timatukuka m'mphepete n'kumayoyoka ngati gaga. Kumeneko ndiye kutuwa timakuonaku. Mwana wachizungu nayenso amauma khungu chimodzimodzi, kungoti kwa iye sizionekera patali, pomwe kwa ife zimakhala ngati choko pabolodi. Tsono khoma la mwana silinakhwime. Ofufuza anapeza kuti kachikopa ka khanda n'kopyapyala ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi ka munthu wamkulu, ndipo timatumba topanga mafuta a pakhungu timagona tulo kuyambira mwana ali ndi miyezi yowerengeka mpaka atayandikira kutha msinkhu. N'chifukwa chake mnyamata wa zaka 15 amadandaula ndi ziphuphu pamene mng'ono wake wa zaka 3 ali mbuu, chonsecho akusambira sopo mmodzi.

Ndiye onjezanipo nyengo. Mvula ikangotha, mpweya umauma, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imawomba ngati yachita kutumidwa. Kupatula masiku a chiperoni, chovala chimene mu Febuluwale chimatha masiku awiri pachingwe, nyengo ino chimauma dzuwa lisanapendeke, ndipo mphepo imene yaumitsa chovalayo ndi yomweyo ikuwomba masaya a mwana. Ku Dedza, ku Ntchisi ndi ku Mzimba chisanu chimaunjika ana pamoto m'mawa ndi madzulo, moto nawo n'kumawamba timiyendo tija. M'madera ena a ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi a pamjigo ndi amchere, sopo sachita thovu msanga, ndiye wosambitsa amapaka kawiri katatu.

Koma nyengo sitingaitengere kubwalo la mfumu. Amene tingamugwire ndi sopo. M'makomo ambiri muli sopo mmodzi basi: yemweyo achapire matewera, yemweyo atsukire mapoto, yemweyo asambire bambo pochokera kudimba, yemweyonso asambitsire khanda. Ntchito ya sopo ndi kuchotsa mafuta, ndipo sopo alibe maso oti asiyanitse mafuta a nkhumba otsalira m'mbale ndi mafuta amene agwira khoma la khungu la mwana. Palinso china. Khungu labwino limakhala ndi kaasidi pang'ono. Pa muyezo umene asayansi amagwiritsa ntchito, woyambira 0 kufika 14, khungu limakhala cha pa 5, pomwe sopo wamba amakhala pa 9 kapena 10. Sopo ndi msuweni wake wa soda ndi chidulo, ndipo mayi aliyense amadziwa zimene chidulo chimachita chikakumana ndi therere. Madzi otentha nawonso timawadziwa bwino. Mbale ya mafuta ikavuta timaitsuka ndi madzi otentha, ndiye tidabwe chiyani madzi omwewo akasungunula mafuta a pakhungu? Kenako chinkhupule chimabwera kudzamaliza ntchito, kupala njerwa zimene zinapulumuka. Mwana akatuluka m'bafa khungu lili gwa, likuchita kukoka, ife timati wayera, pomwe kwenikweni tamusenda ngati mbatata.

Ndikudziwa kuti wina wakwinya kale nkhope. Ndiye mukuti ana asamasambe? M'dziko limene kolera wa 2022 mpaka 2023 anatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700, munthu wamutu wake angaime pagulu n'kumanyoza sopo? Funsoli n'lomveka, ndipo pa nkhani ya m'manja sindikuchotserapo kanthu. Pochokera kuchimbudzi, musanadye, mukasintha thewera, sopo agwire ntchito, ngakhale atakhala wochapira yemwe uja. Koma kolera amalowera pakamwa, salowera kumsana kapena m'ntchafu. Sopo ali ndi malo ake pathupi la mwana: m'manja, kumapazi, m'khwapa, m'khosi ndi movalira thewera. Kwina konseko fumbi la pabwalo limachoka ndi madzi okha ndi chikhatho cha mayi. Madziwo akhale ofunda, oti mukaviika chigongono musamve kutentha, ndipo mwana asapitirire mphindi 5 kapena 10 ali m'beseni. Pomupukuta muzingogunditsa thaulo, osati kukhula ngati mukupukuta nsapato. Khanda ndiye silipita kumunda. Kulisambitsa thupi lonse kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, bola tsiku lililonse mulipukute kumaso, m'khosi ndi kumatako ndi kansalu konyowa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana akabadwa papite maola 24 asanamusambitse koyamba. Zoyera zonga mafuta zimene mwana amabadwa nazo, zomwe ena amathamangira kuzichotsa ngati zonyansa, ndi mafuta odzola oyamba amene anachita kubwera nawo yekha.

Tsono tifike pa mafuta odzola, pamene pali kulakwitsa kwathu kwachiwiri. Mu 1859 mnyamata wina wa ku America, Robert Chesebrough, anapita ku Titusville m'chigawo cha Pennsylvania kumene anthu anali atayamba kukumba mafuta apansi. Anapeza antchito akutenga phula limene linkamatirira pa zitsulo za mapampu n'kumapaka pa mabala ndi popsa. Analiyenga mpaka linayera, ndipo mu 1872 analembetsa umwini wa chinthu chimene lero tonse timangoti Vaseline, kaya chapangidwa ndi kampani iti. Chofunika kudziwa n'chakuti m'mafuta amenewa mulibe madzi ngakhale dontho. Sanyowetsa khungu ayi. Iwo ndi chivundikiro chabe, ndipo ndi chivundikiro chabwino kwambiri, chotsekereza pafupifupi madzi onse amene akanauluka. Koma kuvundikira mphika wouma sikuphika ndiwo. Ife timasambitsa mwana, kumusiya aume padzuwa kapena pamoto, kumudyetsa phala, kumuveka, ndiye pa khomo potuluka m'pamene timakumbuka botolo n'kumupaka kumaso ndi m'manja, mooneka ndi anthu mokhamo. Kumeneko n'kudzoza maso a anansi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo sindikudziwa ngati pali mkuyu woposa mwana wonyezimira chipumi amene usiku akudzikanda msana mpaka magazi. Nthawi ya mafuta ndi pamene mwana wangotuluka m'madzi, pasanathe mphindi 3, khungu lidakali lachinyontho. Adzozedwe thupi lonse, kuphatikizapo kumene malaya abisa, ndipo nyengo yozizira ino abwerezedwenso madzulo. Gilisalini amene amayi ambiri amakonda kusakaniza m'mafuta ndi wabwino, chifukwa iye amakoka madzi n'kuwagwira, koma nayenso amafuna kupeza khungu lonyowa.

Wina anena kuti zonsezi ndi za anthu a ku Area 10 ndi ku Namiwawa, si za munthu wogula sopo woduladula paokala. Apa m'pamene nkhaniyi imandikomera, chifukwa pa zinthu zochepa zimene wosauka angapose nazo wolemera, china ndi chimenechi. Mafuta olimba opanda fungo aja, opezeka m'golosale iliyonse, amagwira ntchito kuposa maloshoni ambiri a m'mabotolo okongola. Loshoni wamadzimadzi mbali yake yaikulu ndi madzi, n'chifukwa chake amalowa msanga n'kuthanso msanga, ndipo fungo lokoma limene timalipirira ndalama zambirilo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakonda kuyabwa khungu la ana. Koma angojambula khanda losekerera pabotolo, mtengo wakwera kale, ife n'kumaona ngati tagula chikondi. Ngakhale kirimu woyera uja wotchedwa aqueous cream, amene abale athu amabwera naye m'zigoba zikuluzikulu pochokera ku Joni, ali ndi nkhani yake. Anapangidwa kuti azisambira m'malo mwa sopo, ndipo mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Britain linachenjeza kuti muli sodium lauryl sulfate, m'bale wake wa sopo yemwe uja, amene amatha kuwotcha ndi kuyabwa khungu la ana odwala eczema akangopakidwa n'kusiyidwa pathupi. Paudala ndiye ndisanene zambiri. Ntchito yake ndi kuumitsa, tsono kuwaza paudala pa mwana wotuwa kale kuli ngati kuthira mchenga pa mbewu yofota, ndipo fumbi lakelo mwana amalipuma. Inu abambo musathamangire kutsamba la mpira, nkhaniyi ndi yanunso. Ndalama imene mumasiya kumowa Loweruka limodzi ikhoza kudzoza ana anu mwezi wathunthu n'kutsalanso ya kasopo kofatsa kosambira mwana yekha.

Palinso a gulu lija la “nanga makolo athu ankatani?” Iwo amati agogo ankangokazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa n'kuyengula mafuta, ana n'kumasalala popanda mawu a asayansi. Sindikutsutsa. Koma agogo omwewo analibe sopo woti azikwechera mwana kawiri pa tsiku, ndiye khoma lija linkakhala lili chiimire. Ife tinatenga sopo wa mzungu n'kutaya mafuta a agogo, kenako n'kumadabwa. Ndipo mafuta a zomera sayansi siinawakane. Pa chipatala china cha ana ku Dhaka m'dziko la Bangladesh, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2005 anapeza kuti makanda obadwa masiku asanakwane amene ankapakidwa mafuta a mpendadzuwa ankagwidwa matenda otengera m'chipatala mochepera ndi 41 peresenti poyerekeza ndi anzawo, ndipo mu 2022 WHO inavomereza kuti ana otere akhoza kumapakidwa mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati. Mpendadzuwa timalima konkuno. Komabe si chilichonse chochokera kumunda chimene chili chabwino. Ku Sheffield, ku Britain, mu 2013 anayesa mafuta a olive, odula aja, pa khungu la anthu akuluakulu, ndipo anapeza kuti amafooketsa khoma lija pomwe a mpendadzuwa sanatero. Njere za nsatsi nazo ndi poizoni, mwana asamaseweretse. Ndinenenso chilungamo kwa amene angatengeke nazo: mafuta si katemera. Ku Britain anatsatira makanda 1,394 pa kafukufuku amene anatuluka mu 2020, ndipo kudzoza mwana tsiku ndi tsiku sikunaletse eczema kudzabwera. Mwana amene khungu lake lili bwinobwino safunika kumumiza m'botolo.

Chenjezo limodzi lisandidutse, poti ino ndi nyengo ya mbaula. Nsalu imene yamwa mafuta odzola kwa masiku ambiri imagwira moto msanga, ngakhale itachapidwa, ndipo ku Britain analengeza zimenezi mu 2018 anthu ena atafa nazo. Mwana wodzozedwa, wovala juzi ya nayiloni, asakhale moyandikira lawi kapena makala.

Tsono pali kutuwa kwina kumene botolo lokha silingathetse, ndipo apa m'pamene kafunso ka apongozi kamapweteka zenizeni. Pali eczema, imene ena amaitcha chikanga. Imayabwa kwambiri makamaka usiku, mwa khanda imakonda masaya, mwa mwana wokulirapo imakhala mopindikira mikono ndi kuseri kwa mawondo, ndipo imayenda m'magazi a banja limodzi ndi mphumu. Sipatsirana. Mabuku ambiri amati khungu limafiira, koma amene analemba zimenezo ankayang'ana khungu loyera. Pa ife malowo amada, amatuwa, amakhakhala ngati khungwa. Pali mphere, zimene zimayambira m'mipata ya zala ndi m'mikono, ndipo chizindikiro chake n'chakuti nyumba yonse ikudzikanda usiku. Zimenezo zimafuna mankhwala kwa aliyense wa m'nyumbamo tsiku limodzi, zofunda n'kuchapidwa. Pali zipere, zozungulira ngati ndalama, zimene m'mutu zimathothola tsitsi ndipo zimafuna mankhwala akumwa. Malo okandidwa akayamba kutuluka mafinya, kuchita nkhanambo zachikasu, kapena mwana akatentha thupi, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo. M'zonsezi mulibe imene imachira ndi chinkhupule.

Choopsa kuposa zonse ndi kutuwa kwa njala. Dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, akugwira ntchito ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, m'zaka za m'ma 1930, ndiye anafotokozera dziko za kwashiorkor: mwana kutupa mapazi, tsitsi kufiira n'kupyapyala, khungu kuda n'kumasupuka ngati penti wakale pakhoma. Kuno kwathu mu 1990 anthu oposa 17,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique anadwala pellagra mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira. Nthenda imeneyi imagwira anthu odya chimanga chokhachokha, ndipo imaonekera pakhungu limene limawombedwa ndi dzuwa, m'khosi ndi m'mikono, n'kubweranso ndi kutsegula m'mimba. Mwana wotere safuna Vaseline. Akufuna nsinjiro m'phala, usipa, nyemba, dzira, ndipo ngati watupa kale akufuna chiponde cha kuchipatala. Koma mayi amene wauzidwa kangapo kuti mwana wake ndi wauve amachita manyazi kumuvula pamaso pa anzake kusikelo. Amamudzoza kumaso, kumukulunga m'nsalu, n'kukhala kunyumba. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo amene anaichititsa manyaziwo amabwera kumaliro ali ndi mawu ambiri.

Ena manyazi omwewo amawakankhira kumsika, ndipo apa mundilole ndidandaule. Pakati pa wogulitsa mabatire ndi wogulitsa mankhwala a makoswe pamakhala katebulo ka timachubu, ndipo wogulitsayo amalumbira kuti kachubu kamodzi kamachiza mphere, zipere, ziwengo ndi zipsera zonse. M'timachubu tambiri totere muli mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid, monga betamethasone ndi clobetasol, omwewo amene ena amadzola pofuna kuyeretsa nkhope. Masiku atatu okha kuyabwa kwatha, mayi n'kumati wapeza dokotala. Koma akapitiriza khungu limapyapyala, zipere zimabisala n'kumafalikira pansipansi, ndipo mwa khanda mankhwalawo amalowa m'magazi, makamaka akapakidwa movalira thewera, mpaka kusokoneza kakulidwe. Munganene kuti kuchipatala nakonso amapereka steroid. Zoona, ndipo pa eczema amathandiza kwabasi, sitiyenera kuwaopa. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko amayamba aona kaye nthendayo, n'kupereka wofatsa monga hydrocortisone wa 1 peresenti, n'kunena malo opaka ndi tsiku losiyira. Wa pamsika uja amangoona ndalama yanu. A bungwe loona za mankhwala la PMRA, matebulo amenewa sali kobisika ayi, ali poyera penipeni.

Tsono apongozi ndi azakhali, Lamulungu likubwerali mukaona mdzukulu ali mbuu, kafunso kanu kaja mukasiye kunyumba. Funsani kuti akusambira sopo wanji, madzi ake amatentha bwanji, ndipo mafuta amamudzoza nthawi yanji. Mukatero kwezani malaya ake muone kumsana, mudinikizenso chala paphazi muone ngati sipatsala kadzenje. Ndipo ngati m'chikwamamo mwatsala kangachepe mutapereka chopereka, okala ili panjira pomwepo.